Imfa Ikakhala Kumutu: za ku Japan ndi za Tonse m'Nthano za Rakugo

Mu mzinda wa Tokyo muli nyumba zinayi zodziwika kumene rakugo, luso lokamba nthano pa nsanja, imachitika pafupifupi tsiku lililonse la chaka: Suzumoto ku Ueno, Suehirotei ku Shinjuku, ina ku Asakusa, ina ku Ikebukuro. Pa nsanja sipakhala mpando, tebulo kapena chithunzi cha mudzi. Pamangokhala khushoni imodzi pakati. Ng'oma ndi shamisen, choimbira cha nsambo zitatu, zikalira kuseri, munthu wovala kimono amatulukira, kugwada pa khushoniyo, kukhalira zidendene, n'kuwerama mpaka chipumi chitatsala pang'ono kukhudza pansi. Akaweramuka saimiriranso mpaka nthano itatha. Zida zake ndi ziwiri basi: chikupiziro cha pepala chopinda ndi kansalu kopukutira m'manja. Ndi zimenezo akhala mmisiri wa matabwa, mkazi wa mmisiriyo, mwana wawo, mwini nyumba wodzatolera lendi, mbala ndi mzukwa, onsewo m'thupi limodzi losachoka pamalo.

Anthu okonda nkhani za ku Japan, kaya za m'mafilimu, m'mabuku kapena m'makatuni, amafunsana kawirikawiri kuti kakambidwe kakutikakuti ndi ka ku Japan kokha, kapena kali paliponse pamene anthu amakamba nthano. Funsoli ndi labwino, koma ambiri amaliyankha akuthamanga. Chimene chawadabwitsa amati n'cha Chijapani, chimene achizindikira amati n'cha tonse. Kusankha koteroko kumangotiuza pamene panalekezera kuwerenga kwa wosankhayo. Rakugo ndi pabwino poyesera funsoli mosapupuluma, chifukwa palibe kamera, palibe zovala zosintha, palibe gulu la ochita sewero. Chilichonse chimene nthano ikuchita chili poyera, moti munthu atha kunyamula chimodzichimodzi n'kufunsa kuti, ichi nditachichotsa nthano ikhalabe chilili? Nanga nditachitengera dziko lina, chikagwira ntchito? Ndiyamba ndi nthano yotchedwa Shinigami, imene kwa ine ili m'gulu la ntchito zaluso kwambiri zimene pakamwa pa munthu panapangapo.

Shinigami ndi mzimu wa imfa. Nthanoyi imayamba ndi munthu amene ngongole zamufika m'khosi. Mkazi wake wamupirikitsa, wamuuza kuti asabwerenso chimanjamanja. Ali m'njira akulingalira zodzikhweza, kuseri kwa mtengo kumatuluka nkhalamba yowonda, ya nsanza, yoyendera ndodo. Ndiyo Imfa. Imamuuza kuti asadzivute, masiku ake sanakwane, ndipo imamupatsa ntchito: akhale sing'anga. Pa wodwala aliyense wakayakaya pamakhala Imfa imodzi imene anthu wamba saiona. Ikakhala kumiyendo, iye anene mawu a matsenga, aombe m'manja kawiri, Imfayo ithawa ndipo wodwala adzuka kupempha chakudya. Ikakhala kumutu, asayerekeze, ameneyo ndi wa ulendo.

Munthu uja amalemera. Amataya mkazi, amatenga chibwenzi, amakadya ndalama ku Kyoto ndi ku Osaka, n'kubwerera m'thumba muli mbee. Tsopano nyumba iliyonse imene amuitana, Imfa ili kumutu. Kenaka banja la wamalonda wolemera limamulonjeza ndalama zosaneneka ngati atalikitsako moyo wa bambo awo. Iye amaitanitsa anyamata anayi amphamvu, aliyense pa ngodya ya futon, matiresi opyapyala amene Ajapani amayala pansi pogona. Amadikira usiku wonse. M'bandakucha Imfa ikayamba kusinza, iye amamenya bondo lake, anyamata amatembenuza wodwala ndi pogona pake pomwe, kumutu n'kukhala kumiyendo, mawu a matsenga, manja kawiri, Imfa n'kulumpha ndi mkuwo.

Pobwerera kwawo, mtima uli m'mwamba, amakumana ndi nkhalamba ija. Imamutsogolera pansi pa nthaka, m'phanga lodzaza makandulo oyaka osawerengeka. Kandulo iliyonse ndi moyo wa munthu. Ina yaitali, yowala bwino, ndi ya mwana wake. Ina yapakati ndi ya mkazi amene anamutaya. Pakona pali kachidutswa kamene lawi lake likungophethira, ndipo n'kake, chifukwa potembenuza futon anasinthanitsa masiku ake ndi a wodwala uja. Imfa imamupatsa kandulo ina yosayaka kuti, ngati angathe, asamutsire moto. Manja ali njenjenje. Imfa ili pambali, ikungomukumbutsa modekha kuti motowo ukuzima. Ndipo wokamba nthano, amene wagwada chiwongokere nthawi yonseyi, amagwa chafufumimba pa nsanja. Nthano yathera pomwepo.

Woionera koyamba angalumbire kuti nthanoyi ndi ya ku Japan kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anaipanga ndi Sanyūtei Enchō (1839–1900), katswiri wamkulu wa rakugo pa nthawi imene Japan inkatsekulira zitseko maiko a azungu, koma mutu wake unachokera ku Ulaya. Ofufuza amaloza kuwiri: ku nthano ya Chijeremani, Der Gevatter Tod, imene abale awiri Jacob ndi Wilhelm Grimm anaisindikiza mu 1812, ndi ku sewero loimba la Chitaliyana, Crispino e la comare, la abale enanso awiri, Luigi ndi Federico Ricci, lomwe linaonetsedwa ku Venice mu 1850. Kwa a Grimm zonse zilipo kale: Imfa yoima kumutu kapena kumiyendo, sing'anga wolemera ndi chinsinsi, kutembenuza wodwala, phanga la nyali za moyo. Ndiye kuti phanga lija, limene tikanathamangira kunena kuti ndi maganizo a anthu a kum'mawa, linafika ku Japan pa sitima. Mafupa a nthanoyi ndi a tonse. Wosauka apatsidwa mphatso pamodzi ndi lamulo limodzi lokha, dyera limuswetsa lamulolo, ndipo alipira. Aliyense amene anakula akumvera nthano madzulo kwa agogo ake awazindikira mafupa amenewo.

Luso la Enchō limaoneka tikaika nthano ziwirizi pambalipambali. Kwa a Grimm, bambo wosauka wa ana 12 wabereka wa 13 ndipo akufunafuna womuimira pa ubatizo. Akana Mulungu, akana Satana, avomera Imfa chifukwa siyang'ana nkhope ya wolemera kapena wosauka. Omvera a Enchō ubatizo sunali mwambo wawo, choncho chiyambi chonsecho chinadulidwa, ndipo ubale wa Imfa ndi sing'anga unatha. Chimene chinalowa m'malo mwake n'chodabwitsa: Imfa ikuletsa munthu kudzipha. Omvera amaseka, koma kuseka kumeneko kwabzala kale mfundo imene nthano yonse idzaimirepo, yoti masiku a munthu ndi owerengeka ndipo sasinthidwa mwachisawawa. Imfanso yasanduka wantchito wamba. Ilipo yambiri, iliyonse ndi wodwala wake, imatopa, imasinza, ndipo okamba ena amawonjezera kuti inalangidwa kuntchito chifukwa cha chinyengo cha sing'angayo. Imfa ya a Grimm ndi mfumu yoopsa. Ya rakugo ndi nkhalamba imene mukhoza kukhala nayo pa benchi imodzi, ndipo ineyo imandiopsa koposa chifukwa cha chimenecho.

Kusintha kwachiwiri ndi kumene kumandiphunzitsa kwambiri. Kwa a Grimm sing'anga amachiza ndi chitsamba. Mu rakugo amachiza ndi mawu ndi kuomba m'manja. Munthu angayambe kufufuza chifukwa chake m'chipembedzo cha Ajapani, koma chifukwa chili pafupi: wokamba ali chogwada, ali ndi pakamwa ndi manja basi. Chitsamba sichimveka. Manja akaombedwa kawiri amamveka mpaka mzere wakumbuyo. Mawu a matsengawo alibe tanthauzo lililonse, moti wokamba aliyense ali ndi ufulu wolowetsamo kanthu ka m'nyuzi za masiku ake kuti anthu aseke. Amanenedwa koyamba pophunzitsidwa, pamene munthu uja akungoyeserera, Imfa n'kusowa pomwepo. Amanenedwanso pa wodwala woyamba. Pofika usiku wa futon, omvera awadziwa pamtima, ndipo akamanenedwa mothamanga, mpweya umodzi, anyamata atangotembenuza wodwala, holo yonse ikuwanena mumtima limodzi ndi sing'angayo. Apa ndi pamene ndimaona kuti kugawa zinthu pawiri, za Japan ndi za tonse, kumasiya kunja gulu lachitatu lomwe ndi lalikulu kuposa enawo: zinthu zimene zinabadwa chifukwa cha khushoni ija, chifukwa cha malire amene lusoli linadziikira.

Futon yokha ndi ya m'nyumba ya Chijapani ndithu. Kwa a Grimm sing'anga amangotembenuza wodwala, chiganizo chimodzi nkhani yatha. Mu rakugo chiganizo chimenecho chinakula n'kukhala usiku wathunthu, chifukwa chogona choyala pansi chili ndi ngodya zinayi ndipo nyumba ya wamalonda ili ndi anyamata a m'sitolo oti n'kuzigwira. Onani mmene katswiri amauchitira usikuwo. Poyamba nkhope yake ndi ya Imfa, maso ali tong'o pa wodwala. Akapendeketsa mutu pang'ono, ndi sing'anga, akuyang'ana cham'mbali, kumeza malovu. Abwerera kwa Imfa: zikope zayamba kulemera, chibwano chikutsikira pachifuwa, adzidzimuka, atsikanso. Abwerera kwa sing'anga: dzanja lakwera pang'ono pamwamba pa bondo, lalendewera. Palibe chimene chayenda pa nsanja, komabe m'chipindamo muli anthu asanu ndi mmodzi ndi mzimu, ndipo omvera akudziwa pamene aliyense wakhala. Kanthu kena kakang'ono: m'buku la a Grimm la mu 1857, Imfa ikaima kumutu wodwala achira, ikaima kumiyendo amwalira. Mu rakugo n'zosemphana. Nthano sinavulale ndi kusinthako. Chimene imafuna ndi mbali ziwiri zoti n'kutembenuzika, kaya yoopsa ndi iti.

Kupendeketsa mutu kuja kuli ndi lamulo lake, lotchedwa kamishimo, ndipo linabwerekedwa ku nsanja ya masewero a kabuki, kumene mkati mwa nyumba mumakhala kudzanja lamanja la oonera ndipo khomo lolowera limakhala kumanzere kwawo. Choncho mwini nyumba, kapena wamkulu, akamalankhula, wokamba amayang'ana kumanja kwake. Mlendo, kapena wamng'ono, akamayankha, amayang'ana kumanzere. Ndi lamulo limeneli wokamba safunikanso kunena kuti "anatero uje, anayankha uje". Nthano pafupifupi yonse ndi kukambirana kokhakokha. Akatswiri satsinanso mawu kuti amveke ngati mkazi. Amangobweza mapewa pang'ono, dzanja n'kukhudza kolala ya kimono, ndipo Chijapani chimawathandiza, chifukwa msilikali wakale, mmisiri, wamalonda ndi mkazi wa m'nyumba ya zisangalalo aliyense ali ndi njira yakeyake yodzitchulira ndi yomalizira mawu. Ife a Chichewa tikuidziwa mphamvu imeneyi pang'ono, popeza "iwe" ndi "inu" zimatiuza msanga amene ali wamkulu, koma m'Chijapani masitepe ake ndi ambiri. Kusintha nkhope ndi mawu posanzira anthu a m'nthano n'kwa wokamba aliyense pa dziko lapansi. Kukhazikitsa kuti kumanja ndi kwa wamkulu, n'kukusunga m'mibadwo yonse ya okamba, n'kwa ku Japan.

Mathero ndi amene amandigwira mtima. Kwa a Grimm, Imfa imanamizira kuti ikufuna kuyatsira sing'anga nyali yatsopano, n'kugwetsa kachidutswa kaja mwadala. Ndi kubwezera, ndipo sing'anga amangoonerera. Mu rakugo kandulo ili m'manja mwa mwini wake. Imfa yamupatsa mwayi weniweni. Chimene chikumupha ndi mantha ake, ndipo ife tikuona mantha amenewo m'zala za munthu wamoyo amene ali patsogolo pathu, dzanja lina litagwira kandulo yosaoneka, lina likutchinga lawi losaoneka. Kenaka kugwa kuja. Munthu akagwa pa nsanja ya sewero wamba, kumene anthu akhala akuthamanga ndi kulumpha, si nkhani. Koma munthu amene wagwada mowongoka kwa theka la ola kapena kupitirira, amene lamulo la luso lake ndi loti asachoke pamalo, akagwa chafufumimba, holo yonse imati zii. Mphamvu ya kugwako inasonkhanitsidwa ndi kusagwedezeka konse kwa m'mbuyo. Mathero amenewa sangalembedwe m'buku, ndipo pa wailesi amafooka. Sanyūtei Enshō wachisanu ndi chimodzi (1900–1979) ndiye amakumbukiridwa kwambiri ndi mathero amenewa.

Amene anabwera pambuyo pake sanakhale chete. Yanagiya Kosanji wakhumi (1939–2021), amene boma la Japan linamulemekeza mu 2014 ngati chuma chamoyo cha dziko, ankamulola sing'anga kupambana. Moto wasamuka, kandulo yatsopano yayaka, munthu wapumira m'mwamba, kenaka kuyetsemula, moto n'kuzima. Chinsinsi chake n'chakuti chimfinecho anachibzala kale m'katikati mwa nthano, mongodutsa, omvera n'kuchiiwala. Tatekawa Shinosuke naye amamulola kupambana, ngakhale kutuluka m'phanga akudziunikira ndi kandulo yakeyo. Atafika panja, Imfa imamuuza kuti kunja kwacha, kandulo ya chiyani, ndipo iye mwachizolowezi amaiuzira phuu. Onse awiri ndi anzeru, ndipo a Kosanji ndi chitsanzo changwiro cha lamulo la okamba onse, loti chimene chidzaphe munthu kumapeto chionekere kumayambiriro chitavala zovala za chinthu chopanda ntchito. Komabe ndikafunsidwa, ndisankha a Enshō. Kuyetsemula ndi tsoka, kuuzira ndi kupusitsidwa, koma manja onjenjemera ndi munthuyo mwini, yemwe uja anayamba nthano akufuna kufa.

Nthano yachiwiri ndi yaifupi ndi yoseketsa, ndipo imatembenuza funso lathu mwa njira ina. Imatchedwa Toki soba. Soba ndi timizere ta ufa tataliatali todyera mu msuzi wotentha, ndipo m'masiku amene Tokyo inkatchedwa Edo ankagulitsa usiku anthu oyenda ndi kakhitchini konyamula paphewa. Mbale imodzi inali makobidi 16 a ndalama yotchedwa mon. Munthu wina aima, aitanitsa, ayamba kuyamikira chilichonse: dzina la bizinesi, kufulumira kwa wophika, timitengo todyera tatsopano, mbale yokongola, fungo la msuzi, kuwonda kwa timizere. Wogulitsa mutu wakula. Polipira, wogula akuti ali ndi timakobidi tating'onoting'ono, wogulitsa atambasule dzanja. Awerenga 1, 2, 3 mpaka 8, n'kufunsa mwadzidzidzi kuti nthawi ili bwanji. Wogulitsa ayankha kuti 9. Wogula apitiriza 10, 11 mpaka 16, n'kuchoka. Walipira 15.

Pamdima panali wina akuonerera, munthu wochedwa kumva. Awerenga pa zala kangapo mpaka atulukira chinyengocho, ndipo chimukomera. Mawa lake atuluka ndi makobidi ake, koma apeza wogulitsa wina amene zonse zake n'zoipa: wochedwa, timitengo togwiritsidwa kale ntchito, mbale yobenthuka m'mbali monse, msuzi wamchere, timizere tonenepa tofewa. Mayamiko amene analoweza akugwa limodzilimodzi, koma iye akulimbikira, poti mtima uli pa khobidi limodzi lija. Awerenga mpaka 8, afunsa nthawi, wogulitsa ayankha kuti 4. Iye apitiriza 5, 6, 7, 8 mpaka 16. Walipira 20.

Kapangidwe aka, ka wochenjera amene achita chinthu n'kupindula ndi wansanje amene atsanzira n'kupsa nacho, tili nako m'nthano zathu, ndipo kali ku Ulaya, ku India ndi kwina konse. Chinyengo chosokoneza wogulitsa powerenga ndalama chimadziwika pa msika uliwonse. Koma nthano iyi singasamuke yathunthu, chifukwa yakhazikika pa mawerengedwe a nthawi a ku Edo. Usana unkagawidwa zigawo 6, usiku zigawo 6, ndipo belu linkalira motsika: ka 9 pakati pa usiku, kenaka 8, 7, ka 6 m'bandakucha, 5, 4, n'kubwereranso ka 9 masana dzuwa lili paliwombo, ndi kutsikanso chimodzimodzi mpaka pakati pa usiku. Ndiye kuti 4 ndi 9 n'zoyandikana. Wotsanzira uja sanalakwitse ndi theka la usiku. Anangofulumira pang'ono chifukwa cha phuma, n'kupezeka ali mu 4 m'malo mwa 9. Pa wotchi yathu wofulumira pang'ono akanamva 8, akanapitiriza 9, n'kulipira 16 yokwanira, osapindula, osataya, ndipo nthabwala palibe. Nthano yonse yapachikika pa msomali umodzi umenewo, ndipo msomaliwo ndi wa ku Japan.

Komabe ngakhale apa tisamale. Mawerengedwe amenewa anathetsedwa mu 1873, pamene Japan inatenga kalendala ndi wotchi za azungu. Mnyamata wa ku Tokyo lero ndi mlendo ku belu la ku Edo monga momwe ife tilili. N'chifukwa chake okamba ambiri amafotokozeratu za belulo mu makura, kucheza kumene amayamba nako asanalowe m'nthano. Amacheza za nyengo, za ogulitsa a m'misewu akale ndi mfuu zawo, akuyesa omvera a tsikulo ngati ali otopa kapena okonzeka kuseka, ndipo m'kati mwa macheza amenewo amalowetsamo phunziro la belu mosaonetsera. Kenaka amavula haori, jekete lovala pamwamba pa kimono, kulitsetsereka kumbuyo ndi mapewa okha, ndipo omvera amadziwa kuti nthano yayamba. Nthanoyi nayonso inasamukapo. Kwawo kwenikweni ndi ku Osaka, kumene imatchedwa Toki udon, ndipo Yanagiya Kosan wachitatu ndiye anaibweretsa ku Tokyo n'kuisinthira chakudya. Zimene timazitcha za ku Japan nthawi zambiri ndi za mzinda umodzi pa zaka zina zake.

Sindingachoke pa Toki soba osanena za kudya. Chikupiziro chopinda chasanduka timitengo. Dzanja lamanzere lafumbata mbale yosaoneka, ndipo kutentha kwake kukuoneka ndi mmene zala zikusinthanira. Wokamba auzira, akweza timizere mpaka pamwamba pa nkhope kuti tione kutalika kwake, aviika, n'kukoka ndi mpweya, phokoso lake n'kudzaza holo, popeza ku Japan kudya soba mofwenthera chonchi si mwano. Amamwa msuzi, kholingo n'kuoneka likumeza. Luso lili poti phokoso la soba wabwino wa usiku woyamba ndi la soba woipa wa usiku wachiwiri zisiyane, lina lopepuka ndi lothamanga, lina lolemera ndi lomata, mochokera pa milomo yomweyo yopanda kanthu. Za Yanagiya Kosan wachisanu (1915–2002), wokamba rakugo woyamba kulemekezedwa ngati chuma chamoyo cha dziko mu 1995, anthu amasimba kuti akadya chonchi pa nsanja, omvera potuluka ankalunjika kogulitsa soba. Chikupiziro chomwecho tsiku lina ndi kaliwo, cholembera, nkhafi ya bwato kapena lupanga, ndipo kansalu kaja ndi chikwama cha ndalama, kalata, buku kapena mbatata yootcha.

Pali zinthu ziwiri zimene zimatchulidwa msanga anthu akamandandalika zachilendo za ku Japan, ndipo ndidutsapo mwachangu. Choyamba ndi kishōtenketsu, kagawidwe ka nkhani m'magawo anayi: kuyamba, kukulitsa, kukhota, kumanga. Kanachokera ku ndakatulo za mizere inayi za ku China, ndipo kukhota kwadzidzidzi nkhani ili pafupi kutha kuli mu mwambi uliwonse wabwino. Chachiwiri ndi ma, kachetechete ka pakati pa mawu. N'zoona kuti Ajapani anakapatsa dzina ndipo amakaphunzitsa mwakhama, moti wokamba rakugo amayesedwa ndi kutalika kwa mpweya umene amasiya pakati pa funso la nthawi ndi yankho lake. Koma kudziwa pokhalira chete n'kwa wokamba aliyense waluso. Katsura Shijaku wachiwiri (1939–1999) wa ku Osaka ankaphunzitsa kuti kuseka konse kumabadwa mtima womangika ukamasuka, ndipo sankanena za Ajapani okha. M'zaka za m'ma 1980 anayamba kukamba rakugo m'Chingerezi, n'kupita nayo kunja, ndipo anthu anaseka.

Kusiyana kwenikweni ndi nthano zathu ndimakuona mwa omvera ndi mwa aphunzitsi. Kwathu wokamba akati "Padangotero", omvera amayankha "Tili tonse", ndipo amayankhabe mpaka kumapeto, kuvomera nyimbo ndi kuomba m'manja. Nthano yathu imanyamulidwa ndi gulu. Omvera rakugo alipira pakhomo, amakhala pa mipando, amaseka, koma savomera. Wokamba amanyamula yekha, ndipo mwina n'chifukwa chake anakulitsa chotere luso la maso, khosi ndi zala. Chofanana n'chakuti uku ndi uko omvera amaidziwa kale nthano. Palibe amene amapita ku Suehirotei kukamva ngati kandulo izime. Amapita kukaona mmene izimire m'manja mwa uyu.

Ndipo manja amenewo amaumbidwa mwa dongosolo limene ife tilibe. Ku Tokyo wophunzira amalowa pakhomo pa mphunzitsi mmodzi, n'kuyamba ngati zenza, wothira tiyi, wopinda makimono a akuluakulu, woimba ng'oma ndi wotembenuza khushoni wokamba wina akatsika. Kenaka amakhala futatsume, ndipo patapita zaka pafupifupi 15 chilowereni amakhala shin'uchi, woyenera kutseka pulogalamu ndi kukhala ndi ophunzira ake. Nthano saitola pa wailesi n'kukaikamba. Amaiphunzira maso ndi maso kwa amene ali nayo, amaikamba pamaso pake, ndipo akavomerezedwa ndi pamene angaitengere pa nsanja. Maina nawonso amalowedwa, n'chifukwa chake tikunena za Kosan wachitatu ndi wachisanu. Dongosolo limeneli ndi limene linachititsa kuti nthano yobwera kuchokera ku Ulaya zaka zoposa 100 zapitazo ikhale ikunoledwa mbadwo ndi mbadwo, aliyense akudziwa bwino chimene am'mbuyo anachita asanasinthe kanthu. N'chifukwa chakenso idakali yamoyo kwa achinyamata: ili pakati pa katuni ya Shōwa Genroku Rakugo Shinjū ya mu 2016, ndipo woimba Yonezu Kenshi anaipangira nyimbo mu 2021.

Makanema a nthano ziwirizi amapezeka pa intaneti. Popeza mafupa ake mwawadziwa tsopano, Chijapani sichikutsekerezani. Inu amene mumalemba masewero, mumachita nthabwala pa nsanja kapena mumaphunzitsa nthano m'kalasi, funafunani Shinigami ya okamba awiri kapena atatu osiyana, muionere motsatizana, ndipo muyang'anitsitse khosi ndi manja pa usiku wa futon ndi m'phanga la makandulo. Mukatero, tengani nthano imodzi ya kwanu imene ana onse akuidziwa, mukhale pansi malo amodzi osadzuka, muyese kuikamba yonse ndi nkhope ndi zala zokha.